Acule ndi Abilimankhwe a m'Nkhalango za ku Madagascar

 Nkhani yanga ndi ya tizirombo timene ana athu amatiponya miyala akatipeza panjira, ndiye cule ndi bilimankhwe. Koma ndikutengani kunka nanu kutali pang'ono, ku cisumbu ca Madagascar, cimene ciri m'nyanja yamcere, makilomita ngati 400 kum'mawa kwa Mozambique.

Cisumbuci cakhala pacokha zaka mamiliyoni ambiri, cifukwa cace zamoyo zace zinasiyana ndi zathu. Kumeneko kuli mitundu ya acule yoposa 300, ndipo pafupi-fupi yonse simungaipeze kwina kuli konse. Abilimankhwe a dziko lonse lapansi mukawawerenga mitundu yao, pafupi theka ndi a komweko.

Nanga akatswiri amazidziwa bwanji zimenezi? Nchito yace njausiku. Bilimankhwe usana saoneka, koma akagona pa kanthambi khungu lace limatuwa, ndipo kuwala kwa nyali kumuulula. Acule amawatsata ndi khutu, pakuti mtundu uli wonse uli ndi kaliridwe kace. Amajambula mau ao, natenganso kacidutswa ka mnofu kukapima DNA. Mwa njira imeneyi, m'caka ca 2009 David Vieites ndi anzace anapeza kuti pamwamba pa mitundu 244 yodziwika panthawiyo, panali ina 129 kapena kuposa imene inalibe dzina. Acule awiri amatha kufanana m'maso mwathu ngati mapasa, koma ali mitundu iwiri.

Cimene cinandigwira mtima koposa ndi kabilimankhwe kochedwa Brookesia nana, kamene Frank Glaw ndi anzace anakalengeza mu 2021. Kamphongo kace, kuyambira kumphuno kufikira kunsonga ya mcira, ndi mamilimita 22 okha. Katha kukhala pansonga ya cala canu. Usana kamayenda m'masamba ofota a pansi, usiku nkukwera pa kaudzu kukagona. Anakapeza m'mapiri a Sorata kumpoto kwa cisumbu, ndipo anapeza tiwiri tokha, kamuna ndi kakazi. Taganizani, abale: kanyama kotere sikangathawe moto, ndipo phiri limodzi likapsa, mtundu wonse watha. Mwamwai malowo anaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa.

Kwina zinthu sizinatero ai. Pakati pa 1953 ndi 2014 Madagascar inataya magawo 44 mwa 100 a nkhalango zace zacilengedwe. Zambiri zinapita ndi ulimi wochedwa tavy, wotema ndi kuocha mitengo kuti abzalepo mpunga, wonga citemene ca anzathu a kumpoto kwa dziko lino. Nkwapafupi kutsutsa mlimiyo tiri pano okhuta. Ine sindimtsutsa msanga, pakuti wotema nkhalangoyo ali ndi ana ofuna kudya madzulo omwewo, ndipo lamulo lomletsa popanda kumuonetsa munda wina lidzangomsandutsa mbala.

Bvuto lina linadza ndi zombo. Mu 2014 kunamveka kuti pafupi ndi doko la Toamasina papezeka cule wa ku Asia, wa zotupa-tupa pamsana, amene sanali wa cisumbuco. Culeyu amaikira mazira zikwi-zikwi, ndipo m'khungu mwace muli ululu. Kwao ku Asia ziriko njoka zimene matupi ao anauzolowera ululuwo. Koma atapima zirombo za ku Madagascar mu 2018, anapeza kuti pafupi-fupi zonse zodya acule ziribe cozichinjiriza. Njoka ya kumeneko, imene makolo ace anadya acule ciyambire osabvutika, imammeza mlendoyu monga mwa masiku onse, nkufa.