Mtengo wa Ulendo kwa Okalamba ndi Aulumali

Nkhani yathu ya lero ikuchokera ku Ndunde, m'boma la Chiradzulu.

Taganizirani za agogo odwala miyendo, amene a chipatala chaching'ono cha Ndunde awalembera kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Chiradzulu, mwinanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Chithandizo m'zipatala za boma nchaulere, koma ulendo si waulere. Ayenera kulipira kabaza, kenaka minibasi, ndiponso kulipirira mdzukulu wowagwira dzanja. Zikatere agogo amangopinda kalata ija, nakhala kunyumba ndi ululu wawo.

Nzoona, boma silinangokhala chete. Mtukula Pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006, umapereka ndalama ku mabanja ovutikitsitsa, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma kandalama ka Mtukula Pakhomo kali ndi ntchito kale: ufa, sopo, makope a ana.

Ku chilumba cha Mauritius, kuyambira mu 2005, okalamba ndi aulumali amakwera basi osalipira, ndipo boma ndilo limabwezera eni mabasi. Apa mpamene pagona nkhani. Maminibasi ndi njinga za kabaza kwathu kuno nza anthu wamba, ogula mafuta ndi ndalama zawo. Mukawalamula kutsitsa mtengo osawabwezera kanthu, mudzaona kondakitala akuyang'ana kumbali akangoona ndodo pa siteji.

Ine ndikuti tiyambe pang'ono: khadi lolipirira theka la mtengo pa maulendo a kuchipatala okha, theka linalo khonsolo izibweza mwezi usanathe.