Database Ikamafunsa Primary Key

Lero nkhani ili pa uthenga wina umene umaimitsa ntchito ya anthu ambiri olemba mapulogalamu mu C# pogwiritsa ntchito Entity Framework Core ya kampani ya Microsoft. Munthu walemba class yake ya ophunzira bwinobwino, akuti apange migration, kompyuta n'kumuyankha kuti: "The entity type 'Student' requires a primary key to be defined."

Apa kompyuta ikunena zoona. M'kaundula wa sukulu mumatha kupezeka ana awiri a dzina limodzi, ndipo aphunzitsi amawasiyanitsa ndi nambala. Database nayonso imafuna chinthu chosabwerezeka pa mzere uliwonse, kuti ikauzidwa kusintha kapena kufufuta isagwire mzere wa mwana wina. Chimenecho ndiye primary key.

Entity Framework imaifufuza yokha, koma imadziwa mayina awiri basi: Id, kapena dzina la class lophatikiza ndi Id, monga StudentId. Wina akalemba RegNumber, ngakhale nambalayo ikhale yabwino chotani, siizindikira. Mwini pulogalamu angathe kusintha dzinalo, kulemba [Key] pamwamba pake, kapena kuitchula ndi HasKey mkati mwa OnModelCreating.

Chimene chimazunguza mutu kwambiri n'chakuti nthawi zina dzina limakhala lolondola, Id, koma mawu a get ndi set aiwalika. Zikatero Id imangokhala field wamba, ndipo Entity Framework imaidumpha ngati kulibe. Munthu amatha kuyang'ana mzere umenewu kambirimbiri osaona cholakwika.

Ngati mzere ukudziwika ndi zinthu ziwiri, monga StudentId ndi CourseId pa zotsatira za mayeso, zonse zimatchulidwa pamodzi mu HasKey. Kuyambira version 7 ya mu 2022, [PrimaryKey] imagwiranso ntchito yomweyo.

Uthenga uja ukamapitirira umatchulanso HasNoKey, imene inabwera ndi version 3.0 mu 2019, ndipo ambiri amaithamangira chifukwa imachotsa uthengawo pompo. Kumeneku n'kubisa vuto. Class yopanda key imangowerengedwa. Kuwonjezera wophunzira, kusintha kapena kufufuta sikutheka. Malo ake ndi pa view ndi malipoti.

Key ikaikidwa, papangidwe migration yatsopano. Koma ngati table ili kale ndi ophunzira, mwini wake ayambe waona ngati mulibe nambala zobwerezeka kapena malo opanda kanthu, chifukwa database idzakana kuika key pa nambala zotero.