Kufesa Nkwathu, Kumeretsa Nkwa Mulungu

Marko 4:26-29

M'nyumba zathu zambiri muli wina amene sanalole Mau a Mulungu, kapena mwamuna, kapena mwana, kapena mlongo, ndipo mtima utiwawa. Ena a ife timana mwana nsima kufikira atapita kukalasi. Ena ticezera usiku kukalipira mwamuna. Inu aphunzitsi muwadziwa ana otere: thupi liri m'sukulu, mtima uli kudambo.

M'fanizo lathuli nchito ya mlimi ndiyo kufesa. Ndani wa ife anakoka cimanga ndi dzanja kuti cikule msanga? Wocita cotero angocizula. Sitinena kuti tikhale cete ai. Tiphunzitse, ticenjeze, makhalidwe athu acite umboni. Koma mtima wa munthu sitikhoza kuutsegula ndi ndodo.

Tikumbukire mai wina, dzina lace Monica, wa ku Thagaste, m'dziko lochedwa Algeria lero. Mwamuna wace Patricius anali wakunja ndi waukali; maiyo sanalimbana naye, ndipo mwamunayo anabatizidwa ali pafupi kufa. Koma mwana wace Augustine, wobadwa m'caka ca 354, anamliritsa koposa, pakuti anatsata ciphunzitso conama ca Mani zaka 9. Poyamba Monica anamkaniza kudya m'nyumba mwace, koma sikunathandiza. Pamenepo anadandaulira bishopu wina kuti atsutsane naye. Bishopuyo anakana, nati mnyamatayo sanafike pakumva, amleke, angompempherera.

M'caka ca 383 Augustine anafuna kuoloka nyanja kunka ku Roma. Amace anamtsata kufikira kudooko la Carthage, namgwiritsa kuti asapite. Koma iye anawanyenga, nalowa m'ngalawa usiku, maiyo ali kupemphera ndi misozi kuti Mulungu aletse ulendowo. Mulungu sanaletsa mphepo. Kodi pempherolo linagwa pansi? Iai, abale. Ulendo womwewo umene mai anauopa unafikitsa mwanayo ku Milan, kumene anamva kulalikira kwa Ambrose, nabatizidwa pa Paskha wa 387. Cimene Monica anapempha usiku umodzi anamanidwa, kuti alandire cimene anapempha zaka zonse.

Caka comweco, ali pa ulendo wobwerera kwao, Monica anadwala ku Ostia, namwalira wa zaka 56, mwana wace ali pambali pace, Mkristu.