Makina Aŵiri Otumizirana Maphukusi

Madzulo ano tikambirana za kachipangizo koŵala kamene kamalira m'masitolo aakulu wogulitsa akapititsapo paketi ya shuga. Dzina lake ndi sikana, ndipo mizere yakuda imene imaŵerengedwayo imatchedwa barcode. Katundu woyamba kugulitsidwa m'njira imeneyi anali paketi ya chingamu cha Wrigley, pa 26 June 1974, m'sitolo ya Marsh ku Troy, m'chigawo cha Ohio ku America.

Sikana siidziŵa mtengo wa kanthu. Ntchito yake ndi kuŵerenga nambala ndi kuipereka kwa kompyuta, imene imasunga mitengo. Nambalayo imayenda m'chingwe, ndipo chingwe si mthenga wokhulupirika nthaŵi zonse. Magetsi akasokonezeka pang'ono, nambala itha kusandulika panjira, wogula sopo n'kulipira mtengo wa mafuta ophikira.

Pofuna kupewa zotere, kampani ya Symbol Technologies, imene ntchito zake zinaloŵa m'manja mwa Zebra Technologies m'chaka cha 2014, inakonza malamulo otchedwa Simple Serial Interface. Malamuloŵa amati uthenga uliwonse umangidwe m'phukusi la tizidutswa totchedwa byte, ndipo byte imodzi imanyamula nambala yochokera pa 0 mpaka 255.

Tamverani mmene phukusilo limamangidwira. Byte yoyamba imanena kutalika kwa phukusi, kuti wolandira adziŵe polekera. Yachiŵiri ndi lamulo lenileni: lira, yatsa nyali, yamba kuŵerenga, leka kuŵerenga. Yachitatu imatchula wotumiza: 4 ikakhala kompyuta, 0 ikakhala sikana. Yachinayi imafotokoza mkhalidwe wa phukusilo, ndipo tiibwereranso posachedwa. Pambuyo pake pamabwera uthenga, ndipo pomalizira pamakhala byte ziŵiri zotchedwa checksum. Wotumiza amaonkhetsa manambala onse a m'phukusi ndi kuika chizindikiro cha chionkhetsocho pamenepa. Wolandira amaonkhetsanso yekha, monga mphunzitsi wosamala amene salemba malikisi m'kaundula asanaŵerenge kaŵiri.

Masamu akagwirizana, wolandira amabweza kaphukusi kotchedwa ACK, ndiko kuti, ndamva. Akasiyana, amabweza NAK, ndiko kuti, sindinamve bwino, tumizanso. NAK imanyamulanso chifukwa chokanira, chifukwatu phukusi litha kufika losaonongeka koma lili ndi lamulo limene sikanayo siilidziŵa.

Tsono apa ndi pamene ine ndimaona nzeru yopambana. Tiyerekeze kuti sikana yatumiza nambala ya shuga, kompyuta yailandira bwino lomwe, koma ACK yatayika pobwerera. Sikana ingomva kuti zii. Siingathe kudziŵa ngati chatayika ndi phukusi lake kapena yankho la mnzake. Ikadikira kwa nthaŵi yoikika, imatumizanso nambala yomweyo, ndipo kompyuta tsopano yamva za shuga kaŵiri pamene mayi wogula wanyamula paketi imodzi yokha.

Byte yachinayi ija ndiyo imapulumutsa ndalama za mayiyu. Potumiza kachiŵiri, sikana imaikamo chizindikiro chonena kuti phukusili ndi lobwereza. Kompyuta ikachiona, iyenera kufananitsa ndi phukusi limene yangolandira kumene. Likakhala lomwelo, ivomere ndi ACK koma isalembenso mtengo. Ndanena kuti "iyenera" mwadala, chifukwa chizindikirocho pachokha sichiletsa kanthu. Udindo uli kwa munthu wolemba pulogalamu ya kompyutayo, ndipo akachinyalanyaza, lisiti lidzatuluka ndi mashuga aŵiri.

Sikananso siibwereza mpaka kalekale. Ikayesa kangapo osayankhidwa, imaleka ndi kulira kulira kwina kosonyeza vuto, kuti wogulitsa aone chingwe chake asanapitirize ndi katundu wotsatira.