Nsalu za Kuntchito Nazo Zimasunga Matenda

(Mawu amene adalankhula mmodzi wa ophunzira akale pa msonkhano wa bungwe lathu ku Champhira)

Ambirife tikugwira ntchito m'maofesi a boma, ena m'masukulu, m'zipatala ndi m'masitolo. N'chifukwa chake ndasankha kukamba za ukhondo wa pamalo a ntchito, makamaka wa zinthu za nsalu.

M'maofesi mwathu pansi pamakolopedwa m'mawa uliwonse, tebulo nalo limapukutidwa mpaka kunyezimira. Koma ndifunseko: khushoni ya pampando wa alendo idachapidwa liti? Nanga makatani, thawulo la pabeseni ndi bulangete limene alonda amasinthana? Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tebulo mukalipukuta ndi madzi a klorini layera, pamene nsalu imamwa thukuta, mamina ndi malovu, nisunga chinyezi pakati pa ulusi. Mmenemo ndimo mumabisala tizilombo.

Tiyambe ndi mphere. Kawirikawiri imafala pokhudzana khungu, komabe kachilombo kake kamatha kukhala moyo pansalu masiku 2 kapena 3. Tsono mlonda wa mphere akafunda bulangete usiku uno, mnzake wolowa mawa alipeza kachilomboko kakadali moyo. Chipere ndiye n'chouma mutu: njere zake zimakhala miyezi pachipewa, pathawulo ngakhale pamtsamiro.

Palinso matenda a maso a trachoma, amene amayenda ndi zala, ntchentche ndi nsalu zopukutira kumaso. Mu Seputembala 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti Malawi wagonjetsa nthendayi, dziko loyamba kutero kum'mwera kwa Africa. Kusamba kumaso kudali mbali ya nkhondo imeneyo, choncho tisabwerere m'mbuyo. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, idatikumbutsa kusamba m'manja ndi sopo pamadzi oyenda. Koma phindu lake lili pati ngati anthu makumi awiri atasamba apukutira thawulo limodzi?

Zofunika kuchita si zodula. Choyamba, thawulo la aliyense lichoke pabeseni. Manja aume okha kapena yense akhale ndi kansalu kakekake. Chachiwiri, makhushoni akhale ndi zovundikira zotheka kuvula, zichapidwe ndi sopo sabata iliyonse. Pakagwa mphere, madzi ake akhale otentha kupitirira madigiri 50, ndipo nsalu ikhalemo mphindi 10. Chachitatu, tiziyanika pachingwe padzuwa, osati paudzu pamene ntchentche ya mphutsi imaikira mazira, kenaka tizisita. Chachinayi, chinthu chosachapika chimangidwe m'thumba la pulasitiki kwa sabata imodzi kuti tizilombo ta mphere tife. Amene mumagulitsa kaunjika pa Jenda, auzeninso ogula kuti azichapa ndi kusita asanavale.

Kuno kwathu m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri, motero timatseka mazenera ndipo mabulangete sationa tikuwachapa. Dziwani kuti chifuwa chachikulu chimayenda mumpweya, ndipo Covid-19, imene idapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, imafalanso kwambiri motero. Kuchapa makatani sikulowa m'malo mwa kutsekula zenera. Zonse ziyendere limodzi.

Anzanga amene muli ndi maudindo, mawu anga akulu ali kwa inu. Ndalama zoyendetsera ofesi zikachepa, sopo ndiye amayamba kudulidwa. Chonde asamadulidwe. Mulembe dzina la wochapa ndi tsiku lake, mumpatse sopo ndi magolovesi, chifukwa ntchito yopanda mwini siigwirika. Pogula mipando yatsopano musankhe yopukutika, ngakhale isaoneke yapamwamba. Mlonda ndi mesenjala akadwala, nthendayo imakafika kwa ana awo kunyumba.

Pomaliza, Wapampando, ndikupempha kuti pa thandizo limene timapereka kusukulu yathu tiikepo zovundikira matiresi za pulasitiki ndi waya woyanikira. Mphatso yotereyi siichititsa kaso pachithunzi, koma mwana wosakanda usiku amamva bwino m'kalasi.