DZIKO LIMENE LINAPIMIDWA NDI MIYENDO YA MUNTHU WOTHAMANGA

 Lero tikamba nkhani ya kutali, ya ku America, nkhani ya cikalata ca malo. Ife amene tinagwirako nchito ya ukalaliki ku migodi tidziwa kuti pepala lopanda dzina la mwini wace pansi ndi pepala cabe. Koma mverani m'mene pepala lotere linadyera dziko la anthu.

M'caka ca 1681 Mfumu Charles II ya ku England inapatsa William Penn dziko limene likuchedwa Pennsylvania. Dzikolo linali ndi eni ace, mtundu wa Lenape, amene Azungu anawacha Delaware. Penn anali kugula malo kwa mafumu ao ndi nsaru, mfuti ndi zinthu zina, ndipo iwo anamkhulupirira. Iye anamwalira mu 1718. Ana ace, John ndi Thomas Penn, anali ndi ngongole zambiri, ndipo anayamba kugulitsa kwa Azungu anzao malo amene iwo eni anali asanagule kwa a Lenape. Onani pamene panayambira mlandu: ndalama analandira kale, tsono panafunika cikalata.

Pamenepo anawo pamodzi ndi James Logan, mkulu woyang'anira zinthu zao, anaturutsa pepala. Anati ndi kope la pangano la caka ca 1686, ndi kuti makolo a Lenape anagulitsa dziko kufikira pamene munthu angayende tsiku limodzi ndi theka. Cikalata ceniceni cokhala ndi zizindikiro za mafumu sanacionetse. Mfumu Nutimus inakana nthawi yaitali. Koma mu August 1737 mafumu anaonetsedwa mapu osokoneza mitsinje, ooneka ngati malowo ndi ang'ono, ndipo anai a iwo, Nutimus mmodzi wao, anaika zizindikiro zao. Tsiku lomwelo pepala lopanda mphamvu linasanduka pangano.

Tsopano tiyeni ku ulendowo. Mafumu anaganiza za kayendedwe ka munthu wamba, wopita m'mbali mwa mtsinje, wokhala pansi kudya ndi kusuta fodya. Koma a Penn anali atatuma kale anthu kukayesa njira ndi kulambula chire. Anasankha amuna atatu aliwiro, Edward Marshall, Solomon Jennings ndi James Yeates, nalonjeza mapaundi 5 ndi maekala 500 kwa iye amene adzafika kutali koposa. Pa 19 September 1737 ananyamuka pa Wrightstown, akavalo onyamula kamba alikutsata pambuyo. A Lenape operekeza anadandaula kuti uku ndi kuthamanga, osati kuyenda, ndipo ena anabwerera. Jennings anatopa tsiku loyamba, Yeates anagwa tsiku laciwiri. Marshall yekha anatsiriza, atayenda mailosi oposa 60.

Cinyengo sicinathere pomwepo. Opima malo sanalembe malire olunjika ku mtsinje wa Delaware pafupi. Anapendeketsa mzere kunka kumpoto cakum'mawa mpaka pafupi ndi mtsinje wa Lackawaxen. Motero tsiku limodzi ndi theka linabala maekala ngati 1,200,000, pamodzi ndi minda, midzi ndi manda a anthu.

Kodi a Lenape anakadandaula kwa yani? Anayembekeza thandizo kwa anansi ao amphamvu, a Iroquois. Koma a Iroquois anali atapangana kale ndi Boma la Pennsylvania. Mu 1742, pa msonkhano ku Philadelphia, mneneri wao Canasatego ananyoza a Lenape pamaso pa Azungu, nawalamula kucoka. Cimene pepala linayamba, kusagwirizana kwa eni dziko kunatsiriza.

Mkwiyo sunafe. Pamene nkhondo inabuka mu 1755, a Lenape anatentha mafamu ambiri m'dziko lomwelo, ndipo mwazi unakhetsedwa mbali zonse ziwiri. Mu 1756 pa Easton mtsogoleri wao Teedyuscung ananena poyera kuti dzikolo linatengedwa mwa cinyengo. Koma dziko silinabwerere. A Lenape anakankhidwa kumadzulo nthawi ndi nthawi, kufikira ambiri anafika ku Oklahoma, ena ku Canada.

Mu 2004 adzukulu ao a ku Oklahoma, ochedwa Delaware Nation, anapita ku khoti kukafuna maekala 315 okha a dzikolo. Khoti linakana mlandu wao. Linati popeza a Penn anali ndi mphamvu ya olamulira, anali nayo mphamvu yocotsa umwini wa eni dziko, ndipo ngakhale panali cinyengo, khoti silingabweze zimenezo. Khoti la apilo linabvomereza mu 2006.

Abale, tatengapo ciani? Munthu akabwera ndi kope, funsani cikalata ceniceni. Mau a pangano akakhala opanda muyeso, monga "ulendo wa tsiku limodzi ndi theka", funsani: ayenda ndani, njira iti, apima ndani? Mapu akaturuka m'thumba la wogula, pitani mukaone mtsinjewo ndi maso anu. Ndipo musaike cala pa pepala limene simunawerenge, ngakhale wobwera nalo ali mwana wa bwenzi la atate anu. Mafumu aja anasaina tsiku limodzi. Adzukulu ao anali m'khoti patapita zaka 267.