Kuwala m'Khichini Yopapatiza

(Mau okambidwa kwa aphunzitsi ku Katete)

Khichini zambiri za nyumba za aphunzitsi m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi nzopapatiza, kotero kuti mai wophika amatsekereza yekha kuwala kolowera pakhomo. Mumdima wotere mwana amaponda mbaula, ndipo cinkhanira cobisala m'nkhuni cimaluma dzanja.

Ambiri amayesa kuti mankhwala ace ndiwo nyali yaikuru. Koma khoma lakuda ndi mwaye limameza kuwala, pamene khoma loyera limakubweza. Cifukwa cace nchito yoyamba ndiyo kupala mwaye ndi kupaka njereza, makamaka m'cirimwe makoma ali ouma. Pambuyo pace mmisiri aboole kazenera pamwamba pa khoma lalitali, pafupi ndi mafuwa, kuti utsi uturukire pomwepo. Ukapanda kuturuka, njerezayo idzada mvula isanagwe.

Magetsi, kumene aliko, sadalirika: m'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Nyali ya sola iposa koloboi, amene aonjezera mwaye. Ipacikidwe pamwamba pa mphika, osati kumbuyo kwa wophika, cifukwa mthunzi wace ungagwere mu nsima.